Amake Mapasa ndi Zala Zisanu ndi Zinayi za Amuna Awo

Mumsika monse amake mapasa ankadziwika ndi zinthu ziwiri. Zovala za ana zimene ankagulitsa zinkakhala zochapa ndi zosita bwino, ndipo zala zawo sizinkadziwa kukhala phee. Akakhala pabenchi kudikira ogula, manja ali pamaondo, zalazo zinkangophiriphitha zokha. Anzawo a mabenchi oyandikana anali atazolowera. Mlendo yekha ndi amene ankafunsa monong'ona ngati mayiwo akudwala mitsempha.

Sanali matenda ayi, mayiwo ankataipa. Mawu a pachikwangwani, ulaliki wa mlaliki wa mumsika, ngakhale mkangano wa ogula nsapato, zonsezo zinkalowa m'khutu kapena m'maso n'kutsikira ku zala, n'kulembedwa pabondo popanda pepala.

Luso limeneli analitenga ali mtsikana. Bambo awo anali telala wosokera pakhonde la sitolo, ndipo ankalumbira kuti mwana wawo sadzapindika msana pa makina osokera, adzakhala mu ofesi ya makatani. Choncho mtsikanayo atamaliza sekondale anamutumiza kusukulu yotaipa, kachipinda kotentha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mmenemo munali makina otaipira akuda, olemera ngati mwala, ndi mphunzitsi wamtali amene atsikana ankamutchula mwamseri kuti Mayi Rula. Mayi Rula ankayenda pakati pa matebulo akumenya rula m'dzanja lake, ndipo atsikana ankayenera kugunda zilembo motsatira kulira kwa rulayo. Amene watsitsa maso kuyang'ana zala, rula inkamupeza pamfundo za zalazo.

Mtsikana wa telalayu anaikonda ntchitoyo kuyambira tsiku loyamba. Ankakonda kabelu kolira mzere ukafika kumapeto, ndi kachitsulo komwe unkakankha ndi dzanja lamanzere kuti pepala libwerere poyambira. Anamaliza ali patsogolo pa anzake onse. Koma atayamba kuyenda m'maofesi ndi satifiketi yake, anapeza makina otaipira akuwunjikidwa m'makonde ngati zitsulo zotha ntchito. Paliponse ankamufunsa ngati amadziwa kompyuta. Iye anali asanaionepo ikuyaka.

Moyo sunadikire. Anakwatiwa ndi makaniko wina wofatsa, wamanja akuluakulu, amene dzanja lake lamanzere linalibe kachala kakumapeto chifukwa fani ya injini inakadula ali wophunzira ntchito. Kunabadwa mapasa, atsikana okhaokha, ndipo dzina la mayiwo linamira m'dzina la anawo. Anayamba kugulitsa zovala, ana anakula mpaka kupita kukoleji, satifiketi ija inachita chikasu pansi pa sutukesi. Zala zokha ndi zimene zinakana kuiwala.

Ndiyeno chaka china bambo a mapasa anavulala msana. Ankatsitsa giyabokosi ya lole, inawapulumuka, iwo n'kuyesa kuigwira. Dokotala ananena mosapita m'mbali kuti zonyamula zitsulo ndi zokwawa pansi pa galimoto zatha. Mwini galaja anali munthu wabwino, ndiponso ankadziwa kuti bambowo amamva matenda a injini ndi khutu lokha. Anawaika pakauntala, pafupi ndi khomo, kuti azilandira eni magalimoto n'kumalemba pa kompyuta vuto la galimoto iliyonse ndi zipangizo zofunika.

Madzulo ena bambowo anafika kunyumba n'kungodziponya pampando, nsapato osavula.

"Bambo a mapasa, mwangoti duu ngati galimoto yakufa batire. Msana wayambanso?" anafunsa akazi awo.

"Msana uli bwino. Ndi kompyuta ija." Anapukusa mutu. "Munthu akundiuza za galimoto yake, ine ndikusaka chilembo. Ndikachipeza, ndaiwala zimene wanena. Mzere umafika pamsewu. Anyamata a m'galaja ayamba kunditchula kuti Ajompha, ati ndimajompha ngati nkhuku. Lero abwana andiuza mwaulemu kuti zikapitirira chonchi aitana mdzukulu wawo adzakhale pamenepo."

Inali nkhani yomvetsa chisoni, ndipo amake mapasa anayesetsa kuika nkhope yachisoni. Koma mtima wawo unali utayamba kale kudumpha. Anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Tandionetsani mmene mumachitira."

Bambowo anatulutsa chala chamkombaphala, n'kuchizunguliza m'mwamba ngati kabawi, kenako n'kuchigwetsa patebulo. Anachikwezanso, n'kuyambanso kuzungulira.

"Abale inu," anatero amake mapasa, kuseka kukuwatuluka m'mphuno. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndiye chingalembe bwanji matenda a lole yathunthu? Ndikuphunzitsani ine."

"Inu? Kompyuta munaigwirapo liti?"

"Sindinaigwirepo. Koma ndimaisuzumira pasitolo ya mafotokope ija. Zilembo anaziyala mmene zinalili pa makina athu otaipira, sanasunthe n'chimodzi chomwe. Zaka zonsezi ndimangoti ndani adzandifunse."

M'mawa mwake, asanayale n'komwe zovala, anapita kwa wokonza mafoni wa kuseri kwa msika n'kugula kiyibodi yakufa, yafumbi, chingwe chili lendelende ngati mchira wa khoswe. Anaitsuka ndi mswachi wakale, batani lililonse palokha. Ataikapo manja, zala zonse zinagwera pamalo ake ngati zinachokapo dzulo. Anamvanso kanthu kachilendo: pa F ndi pa J panali timizere totukuka, toti chala chizipeza malo ake popanda maso. Makina a Mayi Rula analibe zimenezi. Tsiku lonselo ankangotisisita timizereto, n'kumaonetsa mayi wogulitsa nsapato wa benchi yoyandikana, amene sanamvetse kuti chosangalatsa n'chiyani pamenepo.

Phunziro loyamba linachitikira patebulo lodyera, dzuwa likadalipo. Amake mapasa anaima kumbuyo kwa amuna awo, nsalu atamanga zolimba m'chiuno.

"Khalani mowongoka. Zigongono m'mbali. Tsopano mverani. Chala chilichonse chili ndi kwawo pamzere wapakatiwu. Chimapita kukacheza kumtunda kapena kumunsi, koma chikatha kucheza chimabwerera kwawo. Palibe chogona kwa eni ake."

Anatenga dzanja lamanja n'kuyala zala chimodzichimodzi. Zinakwana. Anatenga lamanzere. Chamkombaphala pa F, chapakati pa D, chovala mphete pa S. Anafikira chotsatira kuti achiike pa A, ndipo anagwira mphepo.

Onse awiri anayang'ana kabatani kopanda mwini. Dzanja limenelo mayiwo anali atakhala nalo zaka zoposa makumi awiri, moti kusowa kwa kachalako anali atasiya kukuona. Ndipo mwa zilembo zonse, kachala kosowako kanayenera kukhala pa A, chilembo chimene sichisowa pakamwa pa munthu. Galimoto, mabuleki, matayala, paliponse A wakhalapo mwendo uli pamwamba pa unzake.

"Mwaonatu," anatero bambowo motsitsa mawu, akubweza dzanja lawo pansi pa tebulo. "Zimenezi ndi za anthu a zala zokwanira. Tizisiye."

Anadzuka n'kutuluka panja. Amake mapasa anatsala akuyang'ana kiyibodi ija. Manyazi anawagwira pang'ono, koma sanakhalitse, chifukwa mutu unali utayamba kale kugwira ntchito.

Kumsika mawa lake anang'amba kansalu n'kumanga kachala kawo kakumapeto kumanzere, kukapindira m'chikhatho kuti kasathe kusuntha. Kiyibodi anaiika pamaondo, kuseri kwa mulu wa timadiresi.

"Mwadzicheka, anzanga?" anafunsa mayi wa nsapato.

"Ayi, ndikufuna ndimve mmene amamvera bambo a kunyumba."

"Chikondi chake chimenecho ine ndiye sindingachithe," anatero mnzawoyo, n'kubwerera ku nsapato zake.

Poyamba anayesa kuti chala chovala mphete chizigwira ntchito ziwiri, yake ndi ya kachala kosowako. Zinayenda pang'ono mpaka atafika pa mawu akuti mawaya. Chala chimodzicho chinayenera kudumpha kuchoka pa A kupita pa W n'kubwereranso pa A, ndipo chinkapunthwa ngati woledzera. Anayesa kuti dzanja lonse lizitsetsereka likafuna A, koma pobwerera linkasochera. Masiku angapo anapita chonchi. Ogula ena ankachita kuwagwedeza phewa kuti awauze mtengo wa kabudula.

Nzeru inabwera masana ena akupinda zovala. Bwanji osasamutsa mudzi wonse? Chala chovala mphete chikhale pa A ngati kwawo kwenikweni. Chapakati chibwere pa S, chizikacheza pa W. Chamkombaphala chikhale pa D, chizisamaliranso F. Zilembo zotsala pakatipo, T, G ndi B, zipite ku chamkombaphala cha kumanja, chomwe n'champhamvu kale pa dzanja la makaniko. Ndipo kamzere kotukuka ka pa F kakhalabe ndi ntchito: chala chikakhudze, kenako chibwerere khomo limodzi.

Anaponya pansi kadiresi kamene anali nako n'kukoka kiyibodi. Mawaya. Zala zinadutsa bwinobwino. Mawaya a batire. Matayala akutsogolo. Mabuleki akulira. Ankataipa akunong'ona, liwiro likukwera, mpaka thukuta linatuluka pamphuno. Anasonkhanitsa zovala zonse m'chikwama dzuwa lili pamutu, n'kuuza mayi wa nsapato kuti awayang'anire benchi, ndipo anayenda mothamanga mpaka kugalaja.

Amuna awo atawaona akulowa ali wefuwefu, chala chili chomanga, anadzuka mwamantha.

"Kwagwanji? Mwavulala?"

"Ndapeza njira," anatero amake mapasa, akutulutsa kiyibodi m'chikwama pamaso pa anthu onse a pamzere. Anamasula kansalu kaja n'kuonetsa kachala kotuwa, kochita dzanzi. "Ndakhala ndikutaipa ndi zala zisanu ndi zinayi ngati zanuzo. Zimatheka, bambo. Zimatheka bwino kwambiri."

Bambowo anayang'ana kachalako nthawi yaitali. Madzulo ake anafika kunyumba msanga, n'kukhala okha patebulo asanaitanidwe.

Maphunziro anayamba mwamphamvu. Popeza kiyibodi inali yakufa, panalibe poonera zolembedwa, ndiye amake mapasa ankawerenga pa zala zenizenizo. Ankakhala pambali, maso ali tcheru, n'kumati, "Pamenepo mwalemba matayaka, osati matayala." Anadula katoni n'kupanga kadenga kophimba manja kuti bambowo asamaone mabatani. Ankagogoda supuni pakapu kuti zala ziziyenda motsatira kugogodako. Bambowo ankaba, ankapendeketsa mutu kuti asuzumire pansi pa katoni, ndipo akagwidwa ankati khosi lawawawa. Kangapo konse mayiwo anamva dzanja lawo likuyabwa kufuna rula, koma anali atalumbira kuti za Mayi Rula zinathera m'kachipinda kaja.

Mawu a "A, S, D, bwererani kwanu" ankatuluka pawindo mpaka kwa oyandikana nawo nyumba. Tsiku lina bambowo anapempha kuti azitseka mawindo, anthu angamati mwamuna wamkulu wabwerera ku sitandade wani.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anayankha akazi awo. "Komanso tikatseka mufa ndi kutentha. Tiyeni, mabuleki."

Vuto linabuka kuntchito. Njira yatsopanoyi poyamba inali yochedwa kuposa kujompha, ndipo zolakwa zinachuluka. Galimoto ina inalembedwa kuti ikufuna mafuya m'malo mwa mafuta. Mzere ukatalika, bambowo ankabwerera ku chala chawo chimodzi chija. Amake mapasa anazindikira okha, chifukwa madzulo zala zinkabwera zitaiwala za dzulo lake. Sanakalipe. Anavala diresi lawo labwino n'kupita kukaonana ndi mwini galaja.

"Abwana, ndabwera kudzapempha zinthu ziwiri. Muwapirire bambowa pang'ono, ali pakati pa mtsinje, kubwerera n'kutali, kutsogolo n'kufupi. Chachiwiri, mutilole Loweruka masana, mukatseka, tiziphunzirira pa kompyuta yeniyeniyo."

Mwini galaja anaseka n'kuvomera zonse ziwiri. Anati nayenso akufuna adzaone aphunzitsi akugwira ntchito.

Choncho Loweruka limenelo amake mapasa anakhala pamaso pa kompyuta koyamba m'moyo wawo. Anyamata a m'galaja, amene anayenera kuweruka, anangoima pakhomo ndi maovololo awo, akupukuta manja pang'onopang'ono. Mayiwo anapuma mozama, n'kuyala zala, n'kuyamba. Anagunda mwamphamvu za pa makina akale moti tebulo linanjenjemera. Mzere utafika kumapeto, dzanja lamanzere linauluka lokha kukasaka kachitsulo kobwezera pepala, ndipo linakapeza kapu ya zolembera, n'kuimwaza pansi. Galaja yonse inafa nacho chiseko, iwonso anaseka mpaka misozi.

"Mayi, imabwerera yokha," anatero amuna awo, akutola zolembera. "Ndipo musaimenye, si nati yadzimbiri. Ingoikhudzani."

"Nanga ndikalakwitsa?"

Bambowo anatambasula dzanja n'kudina batani lina kumtunda. Chilembo cholakwika chinangoti zii, kusowa. Amake mapasa anagwira pakamwa. Kwa Mayi Rula, chilembo chimodzi cholakwika chinkatanthauza kusolola pepala n'kuyambiranso. Analemba mawu, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso, ngati mwana amene wapatsidwa chidole.

"Mwaona, nanenso ndili ndi zokuphunzitsani," anatero bambowo, chifuwa chitatukuka pang'ono.

Atazolowera kupepuka kwa mabataniwo, mayiwo anauza mnyamata wina kuti awerenge mokweza zolembedwa pa chigubu cha oilo. Mnyamatayo ankawerenga, iwo akutaipa maso ali kudenga, ndipo phokoso lake linali ngati mvula yoyamba pamalata. Mawu ankathamanga pagalasi la kompyuta, mzere kugwera pa mzere. Zaka zonse zija ankalemba pabondo, palibe chinkaoneka. Tsiku limenelo anaona ndi maso zimene zala zawo zinkanena. Popita kunyumba ankayenda mofulumira moti amuna awo, ndi msana wawo uja, ankachita kuwapempha kuti adikire.

Za bambowo zinatseguka mwadzidzidzi, patapita milungu ingapo. Tsiku lina anaiwala mankhwala a msana patebulo, ndipo akazi awo anawapititsira chakumasana. Atafika pakhomo la galaja anapeza mayi wina ali pakauntala, akufotokoza kuti galimoto yake ikulira modabwitsa. Galimotoyo inali panja, injini ikulira. Bambo a mapasa anali atatembenuzira nkhope kuwindo, khutu atalitchera, maso atawatsinzina pang'ono.

"Imalira choncho m'mawa mokha, kapena tsiku lonse?" ankafunsa. "Mukaponda mafuta imasiya? Chabwino. Ndi lamba wa fani ameneyo, watha. Tionanso pampu ya madzi."

Nthawi yonseyi manja awo anali pa kiyibodi, akuyenda okha. Zala zonenepa, zakuda m'zikhadabo, zinkapita kukacheza n'kubwerera kwawo, ndipo mwini wake sankadziwa n'komwe. Amake mapasa anaima chilili, botolo la mankhwala atalifinya m'dzanja. Ankafuna kulankhula, koma anadziwa kuti zili ngati mwana wophunzira njinga, ukangomuuza kuti wamusiya, amagwa. Analuma mlomo n'kudikira mpaka mayi wa galimoto uja atatuluka.

"Bambo a mapasa, mumayang'ana kuti potaipa zimenezo?"

Bambowo anadzidzimuka, n'kuyang'ana pagalasi. Zonse zinalipo, lamba wa fani, pampu ya madzi, popanda cholakwa. Anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. Anayesa kulembanso mzere wina akuwayang'anitsitsa, ndipo nthawi yomweyo analakwitsa. Anaseka chiseko chachikulu chimene akazi awo anali asanachimve chivulalireni msana, mpaka mwini galaja anatuluka mu ofesi kudzaona chimene chachitika.

Nkhani ya mdzukulu wa abwana sinamvekenso. M'malo mwake mwini galaja anapempha amake mapasa kuti Loweruka lililonse aziphunzitsanso anyamata amene akufuna. Anyamatawo anauza alongo awo, alongowo anauza anzawo. Posakhalitsa mwini sitolo ya mafotokope anawapatsa kachipinda ka kuseri ndi makompyuta akale angapo kuti azigwiritsa ntchito masana. M'mawa mayiwo amagulitsabe zovala, chifukwa amati makasitomala awo sangawasiye amasiye. Masana amaphunzitsa. Kwabwerapo wapolisi wotopa ndi kulemba malipoti, mkazi wa abusa, ana a sukulu, ndi agogo ena amene amafuna kulemba mbiri ya banja lawo. Wophunzira watsopano akafika, iwo amayamba ndi kumuuza kuti atambasule manja patebulo, n'kuwayang'anitsitsa bwinobwino asananene kanthu.

Mapasa aja atabwera kutchuti anamva nkhani yonse, koma sanakhulupirire za bambo awo. Wamkulu, amene anatsogola kubadwa, anatulutsa kakompyuta kake ka m'chikwama n'kunena kuti pakhale mpikisano. Aliyense ataipe ndime yomweyo ya m'nyuzipepala, wina agwire wotchi. Amayi awo anayamba, ndipo anamaliza ana asanakhazikike n'komwe pamipando. Wamng'ono anachita bwino ndithu. Wamkulu uja, katswiri wa foni, ankataipa ndi zala ziwiri, mutu uli ngundangunda, kuyang'ana nyuzipepala, kuyang'ana mabatani. Pomaliza anakhala bambo awo. Anapinda malaya m'mikono, n'kukhudza kamzere ka pa F, n'kubwerera khomo limodzi. Sanathamange, koma sanaimenso. Wamng'ono uja, amene anagwira wotchi, anayang'ana kawiri, kenako anagwa pansi ndi chiseko. Bambo anali ataposa mwana wawo wa kukoleji.

"Mwandibera," anatero wamkuluyo, akuseka mwamanyazi. "Chabwino, ndiphunzitseni nane."

"Khala apa, mwana wanga, ndikuphunzitse ine," anatero bambo ake, akumukokera mpando. "Chala ichi uike pa A."

"Iyayi, bambo, mumusocheretsa mwanayo," analowerera amake mapasa, akuwakankha ndi phewa. "Njira imeneyo ndi yanu nokha. Uyu zala zake n'zokwanira."

"Ndiye amange chimodzicho, njira yanga ndi yachangu."

"Yachangu? Amene wapambana lero ndani?"

Anapitiriza kulimbirana wophunzirayo, wina kukoka dzanja lamanja, wina lamanzere, mpaka wamng'ono uja anadzuka n'kunena kuti iye akukateleka madzi a tiyi, akagwirizana amuitane.